Jakisoni wa a Kaudzudzu

Alamu anga, amuna awo a achemwali anga, akankha machira m'chipatala kwa zaka makumi awiri ndi zitatu. Ndi bambo wamfupi, wotambalala mapewa, wadazi lonyezimira, ndipo nsapato zawo zimathera mbali imodzi chifukwa chokhota ndi machira m'makona. Pepala la sukulu lomwe ali nalo ndi lochepa, koma mukawamva akufotokoza za matenda mungaganize kuti madokotala amabwera kudzafunsa nzeru kwa iwo nthawi ya tiyi.

Zaka zambiri anali kuwodi ya amayi oyembekezera, ndipo dzina lawo analitola kumeneko. Mayi akamapita kukabayidwa jakisoni wapamsana, uja wochepetsa ululu pobereka, nthawi zambiri amakhala ndi mantha, poti alipo wina kwawo amene anamuuza kuti wobayidwa pamsana sayendanso. Alamu ankawerama uku akukankha, n'kunena kuti, "Musaope mayi, n'kaudzudzu chabe." Anazinena mpaka anamwino, okolopa, ngakhale mlonda wapageti anayamba kuwaitana a Kaudzudzu. Eni akewo chibadwire anali asanabayidwepo pamsana. Ngakhale wapamkono, achemwali amati ankamulandira atayang'ana kudenga.

Chaka chatha, akusamutsa wodwala wina wathupi kuchoka pamachira kupita pabedi, anamva china chake chikusuntha m'chiuno. Pofika madzulo ululu unali utatsika mwendo wamanzere mpaka kuchala chachikulu, ngati waya wamoto. Kuntchito anabisa miyezi iwiri. Ankadzola mankhwala onunkha amene anathamangitsa mphaka m'nyumba, ankagona pansi, ndipo zingwe za nsapato ankawamangira ndi achemwali. Atajambulidwa, zinaoneka kuti kanyama kofewa kokhala pakati pa mafupa a msana katuluka m'malo mwake ndipo kakupanikiza mtsempha wopita kumwendo. Mapilitsi anangothandiza pang'ono. Ndiye madokotala anawauza kuti ayese jakisoni wapamsana.

Woti adzawabaye anali dokotala wachizimayi amene alamu anamudziwa akadali wophunzira, akusochera m'makhonde n'kumawafunsa njira. Sanawabisire kanthu. Anati mankhwalawo amawaika pafupi ndi mtsempha kuti kutupa kuchepe, koma kanyama kaja sakubwezeretsa ayi. Ambiri amapeza mpumulo wa masabata kapena miyezi ingapo, ena saona kusintha. Mwina mmodzi pa anthu zana amadwala mutu pambuyo pake. Kulowa kwa tizilombo, kukha magazi mkati kapena kuvulala kwa mtsempha zimachitika, koma mwa apo ndi apo kwambiri. Anawafunsanso ngati ali ndi shuga kapena amamwa mankhwala osungunula magazi. Alamu ankangogwedeza mutu, akuti zonsezo amazidziwa kale.

Atafika kunyumba anakonza chitseko cha bafa chimene chinakhala chikukhula pansi zaka zisanu ndi chimodzi. Anaikanso shelefu yakukhitchini, n'kuwaonetsa achemwali pamene amatsekera madzi paipi ikaphulika. Achemwali atawafunsa chimene chawalowa, anayankha kuti munthu sadziwa za mawa. Achemwali anandiuza pafoni kuti akanadziwa, jakisoniyo akanamupempha okha kalekale.

Tsiku lake ndinawaperekeza ndine, chifukwa achemwali sapirira fungo la chipatala. Alamu atavala chovala cha odwala chija chotsegula kumbuyo, anachigwira ndi manja onse awiri ngati wina akufuna kuwalanda. Mnzawo wapantchito, mkulu wina wamtali amene akhala akukankha naye machira zaka khumi, anabwera ndi mpando wamatayala. Alamu anakana, akuti ayenda okha. Anayenda masitepe asanu, mwendo unakana, anakhala. Ulendo wonse ankadandaula kuti mnzawoyo sadziwa kukhota. Pakhomo la chipinda chobayira wamtali uja anawerama, nkhope ili phee, n'kuwanong'oneza kuti, "Musaope bambo, n'kaudzudzu chabe."

Alamu sanaseke.

Sizinathe ngakhale theka la ola. Anawagoneka, kuwapukuta pamsana ndi mankhwala ozizira, kuwabaya kaye kakang'ono kochititsa dzanzi, kenako weniweniyo. Atatuluka ndinawafunsa kuti udzudzu uja unali bwanji. Anati, "Mlamu, woyamba uja ndi mavu. Wachiwiri zimangokhala ngati munthu akukudinikiza ndi chala chachikulu, osafuna kusiya." Namwino anandiuza mwamseri kuti alamu anamugwira dzanja mpaka mphete inasiya chidindo.

Mawa lake mutu unayamba. Akadzuka kukhala tsonga unkagunda ngati muli wosula zitsulo mkati, akagona chagada unkaleka. Achemwali anachita mantha, tinabwerera nawo kuchipatala. Dokotala uja anati singano inaboola pang'ono kachikopa kosunga madzi a mumsana, ndipo madziwo akudontha. Anapepesa mosazungulira. Anawauza kuti agone, azimwa madzi okwanira, khofi ndi mapilitsi a ululu, ndipo ukapanda kusiya adzatenga magazi awo omwe pang'ono n'kumata pabowopo. Koma thupi likatentha, miyendo ikachita dzanzi kapena mkodzo ukavuta, asadikire kuti kuche.

Anagona masiku anayi pampando wautali wa pabalaza, akulamula nyumba yonse ali chagada. Tsiku lachisanu mutu unatha wokha. Apa ndi pamene nkhani inasintha. Aliyense wobwera kudzazonda ankauzidwa kuti pa anthu zana, amene zimamuchitikira ndi mmodzi yekha, ndipo mmodziyo ndi iwo. Ankazinena ngati apambana mpikisano.

Mwendo unayamba kumasuka patatha sabata. Miyezi inayi anayenda bwinobwino, anavina paukwati wa mwana wa mchimwene wawo mpaka malaya kunyowa, ndipo pepala la zolimbitsa msana limene anawapatsa analiika pansi pa mwendo wa tebulo kuti lisamagwedere. Ululu utayamba kubwerera, ngakhale sunafike pakale paja, anapita okha kukapempha jakisoni wina. Dokotala anati angathe kuwabayanso nthawi ikakwana, koma si chinthu chobaya mwezi ndi mwezi, ndipo mpumulo uja unali woti alimbitsire msana, osati wovinira. Anawafunsa za pepala lija. Alamu anati lili pamalo abwino.

Pano anawachotsa konyamula anthu. Amakankha kangolo ka mankhwala ndi mafayilo, ntchito imene amati ndi yaukulu. Akadutsa kuwodi yawo yakale n'kupeza mayi akuopa, amaimabe. Koma masiku ano amamuuza kuti zimaluma pang'ono poyamba, asagwedezeke, afunse dokotala chilichonse chimene chikumuvuta, ndipo mutu ukadzapweteka asadzabise.

Sabata yatha ndinapita kwawo m'mamawa kukabwereka makina osokera. Ndinawapeza pamkeka pabalaza, ali chagada, akukokera bondo pachifuwa, achemwali atakhala pampando ndi kapu ya tiyi akuwawerengera. Anayenera kufika khumi ndi zisanu. Achemwali atangotembenuka kundilonjera, alamu analumpha kuchoka pa zisanu ndi chimodzi kufika pa khumi ndi ziwiri.

"Ndamva," anatero achemwali osacheuka. "Yambiraninso."

Anayambiranso, akung'ung'udza kuti kuchipatala odwala amawalemekeza kuposa pano.