Ulusi wachitatu ndi wachinayi

Ine ndine telala, za ulusi sundinamiza. Ndiye tsiku limene bambo a kunyumba anabwera ndi kachidutswa ka chingwe cha intaneti, chija amati faiba, ndinasiya makina kuti ndione. Anali atangopeza ntchito yolumikiza zingwezi mumsewu wokwera phiri la Zomba, atakhala pakhomo zaka zitatu. Anali akadali pamwezi woyesedwa.

Anasenda chingwecho. M'kati munali timaulusi tagalasi khumi ndi tiwiri, toonda ngati tsitsi, kalikonse ndi mtundu wake. Ndinawapanikiza ndi mafunso. Mitundu yonseyi ya chiyani, poti mumangodutsa kuwala? Anati mtundu uliwonse ndi nambala: buluu ndi woyamba, olenji wachiwiri, girini wachitatu, bulawuni wachinayi, choncho mpaka kumapeto. Ukasokoneza wachitatu ndi wachinayi, ofesi yonse intaneti imazima, ndipo abwana amadziwa amene walumikiza.

Chidwi chinandigwira. Ndinasankha mitundu yomweyo pa ulusi wanga wosokera, n'kuti, "Tayalani mwandondomeko tione, akatswiri inu."

Anaika buluu, anaika olenji, dzanja n'kuima. Kenako anatola bulawuni n'kuika pachitatu. Ndinaseka, kuyesa akundiseleula. Ndinasakaniza, anabwereza zomwezo. Ulendo wachitatu anaikapo wofiira.

"Bambo, kodi iyi mukuiona yosiyana?"

Anayankha kuti, "Mayi, kwa ine itatuyi ndi pachibale. Kuntchito ndimayamba ndaonera mnzanga kuti watola uti."

Apa m'pamene ndinazindikira kuti maso awo sasiyanitsa mitundu imeneyi. Zaka khumi ndi zisanu ndakhala ndikuwakalipira munthuyu chifukwa cha matimati. Ndikawatuma kumsika ankabwera ndi osapsa, apo ayi ankafinya lililonse mpaka ogulitsa kuwapirikitsa. Pakamwa pangapa sipachedwa: ndinkawanena kuti ndi osasamala, ana akumva. Ndinachita manyazi.

Komabe ndinafuna tibise. Ndinati ntchito ikusowa, mnzanuyo azingokutolerani. Anakana. Anati tsiku lina mnzawoyo adzadwala, iwo n'kutsala okha ndi chingwe m'manja. M'mawa mwake anakwera phiri kukauza abwana awo. Tsiku lonselo ndinasoka mpendero umodzi wokha, nawonso n'kuumasula kawiri.

Sanawachotse ntchito, koma kulumikiza anawaletsa. Anawaika kokoka zingwe m'ngalande ndi kuyeza kuwala ndi kamakina koonetsa manambala. Ntchito yotsikirapo, yamatope, pomwe iwo ankakonda ija yamanja.

Madzulo anafika ndi mabulosi m'kapepala, amene anathyola okha m'mbali mwa msewu kuphiriko. Theka anali aawisi. Anandipatsa n'kuima pomwepo akundiyang'ana, mapewa atakwera, monga ankachitira akabwera ndi matimati.

Ndinatola laliwisi kwambiri n'kudya. Linali lowawasa mpaka m'makutu. Ndinatolanso lina.