Lorna wa Pachinsalu

Mayi Lorna Kjelstad anakwatiwa ndi munthu wa m'mapiri. Amuna awo, a Orval, ntchito yawo inali yoperekeza anthu ojambula makanema kumtunda kwa tawuni ya Choteau, kumene zimbalangondo zimakumba mizu chipale chofewa chikasungunuka. Mayiwo ankatsala pakhomo kudyetsa akavalo ndi kukonza kamba wa paulendo, masana n'kumagulitsa m'sitolo ya zakudya za ziweto. Sankadandaula. Ankati bola munthu azibwerako ndi miyendo yonse.

Matenda oiwala anayamba ndi makiyi a galimoto. Kenako a Orval anasochera pamsewu umene anakulirapo. Pofika chaka chatha anali atayamba kuwatchula akazi awo kuti "mayi inu", ndipo m'mawa uliwonse ankawafunsa mwaulemu ngati amuonako Lorna. Mayi Lorna anayesa zithunzi za ukwati, anayesa nyimbo za kutchalitchi, anafika povala diresi lakale lomwe linkawathina m'khwapa. Zonse zinapita pachabe.

Tsiku lina anamva pawailesi kuti mumzinda wa Missoula muli chionetsero cha makanema a nyama zakutchire, ndipo masana a Loweruka aonetsa kanema wakale wa zimbalangondo amene a Orval anaperekeza ojambula ake. Mayi Lorna ankakumbukira kuti koyambirira kwa kanemayo iwonso amaoneka pang'ono, ali pachipata cha khola, atagwira kavalo.

Mwana wawo Renae anawaletsa pafoni.

"Amayi, ulendo wonsewo ndi munthu wodwala? Nanga akakatsegula chitseko galimoto ikuthamanga?"

"Akandiona pachinsalu, n'kucheuka n'kundiona pambali pake, adziwa. Sangalephere."

"Adokotala anakuuzani kale kuti sizibwerera zimenezi."

"Adokotala ako sanakwatiwe ndi bambo ako."

Loweruka litafika, mayi Lorna anawameta ndevu a Orval, kuwaveka malaya a mandalasi aja ankawakonda, n'kunyamuka. Njira yonse a Orval ankawerenga mokweza zikwangwani za mumsewu.

Holo inali yodzaza ndi ana asukulu zaukachenjede ndi makolo onyamula ana. Magetsi atazima, mayi Lorna anagwira dzanja la amuna awo. Panaoneka mapiri, kenako khola lawo lomwe lija, denga lisanagwe. Ndiyeno anatulukira mtsikana wa tsitsi lalitali, akuseka, kavalo akumununkhiza phewa.

"Lorna!" a Orval anadzuka. "Ndi uyo Lorna!"

"Eya, ndine ndemwe. Tandiyang'anani, bambo a Renae. Ndili pano."

"Mayi inu, tandisiyani mkono. Mkazi wanga ndi uyo apoyo."

Anthu ena anaseka chapansipansi, wina kumbuyo n'kunena kuti madala akhale pansi akutchinga. Mtsikana uja anazimiririka. M'malo mwake panabwera chimbalangondo chachikazi chili ndi ana, chikutsika phiri molunjika kwa wojambula, mutu uli pansi. A Orval anadumpha miyendo ya anthu n'kuthamangira kutsogolo, manja ali m'mwamba.

"Lorna, usathawe! Ima pomwepo! Iwe chilombo, bwera kwa ine kuno!"

Anamenya chinsalu ndi zibakera mpaka phiri lonse linagwedera. Ana anayamba kulira. Anyamata awiri olondera pakhomo anawagwira bwinobwino n'kuwatulutsa, mayi Lorna akutsatira pambuyo ndi chipewa chawo, akupepesa mzere uliwonse.

Panja a Orval anakana kukwera galimoto. Anaima pakhomo la holo, akuti sachoka mpaka mkazi wawo atuluke. Kanema atatha, ankasuzumira nkhope ya mzimayi aliyense wotuluka. Ena ankawalambalala, ena ankamwetulira mwachisoni. Mayi Lorna anayandikira mtsikana wina wa tsitsi lalitali, munthu wosamudziwa n'komwe.

"Mwanawe, chonde, ungowauza kuti ndiwe Lorna ndipo uli bwino. Mawu awiri okha."

Mtsikanayo anayesa. A Orval anamuyang'ana n'kupukusa mutu.

"Si ameneyu. Bwanji mukundinamiza? Chilombo chija chamutenga, eti? Ndachedwa ine."

Anakhala pansi pa simenti n'kulira ngati mwana. Mayi Lorna anagwada pambali pawo, mawondo akuwawa, n'kufuula dzina lawo lomwe lakuti Lorna, dzina la bambo awo owabereka, dzina la tchalitchi chimene anakwatirana. Anthu anazungulira. A Orval anangowasisita pamsana, ngati kuti wofunika kutonthozedwa ndi mlendoyo.

Anafika kunyumba dzuwa likulowa. Zambiri za tsikulo a Orval anaiwala, koma chimbalangondo chokha chinakhazikika m'maganizo mwawo. Kuyambira pamenepo analeka kufunsa kumene kwapita Lorna. Amadzuka akudziyesa mwamuna wamasiye, n'kukhala pakhonde kuyang'ana kumapiri, osafuna kudya.

Mayi Lorna anasiya ntchito kusitolo. M'mawa amawabweretsera phala ndi khofi, n'kukhala nawo pabenchi.

"Mayi inu, mkazi wanga munkamudziwa?"

"Ndinkamudziwa."

"Ndinamusiya yekha pachipata. Nthawi zonse ndinkamusiya yekha."

"Sanakwiye nazo. Anandiuza yekha. Yasamani, phala likuzizira."