Jakisoni wokulitsa msinkhu anapundula mwana wanga

Inu owerenga, ine ndinagwira mwana wanga ndi manja anga kuti munthu wosadziwa za chipatala amubaye jakisoni. Papita zaka zambiri koma mkwiyo wanga sunazizire. Sindikufuna kuti mundimvere chisoni. Ndikufuna mumve bwinobwino, chifukwa anthu onga amene anandinamiza aja adakayendabe m'misika yathu.

Zinachitika zipani zambiri zitangoyamba kumene, pamene mankhwala ankagulitsidwa paliponse ngati tomato. Tinkachita lendi ku Nsungwi, ku Area 25, ine ndikugulitsa zitenje mumsika. Kwathu ndi ku Dedza, pomwe amuna anga ndi a kumpoto, ochokera m'banja la anthu ataliatali. Mwana wathu woyamba, Wongani, anali mu Sitandade 6 koma ukamuona unkayesa wa Sitandade 2. Sankadwala, ankadya bwino, mpira ankaumenya mpaka dzuwa kulowa. Vuto linali msinkhu basi.

Kunena zoona, ine sizinkandivuta mpaka alamu anga, achemwali awo a amuna anga, atayamba kuzilankhula. Ankakhala ku Kawale ndipo Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi ankadzera kwathu. Tsiku lina anamuyang'ana Wongani kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena akuseka kuti, "Mlamu, kwathu kulibe anthu aafupi chonchi. Magazi amenewa achokera kuti?"

Amuna anga anali pomwepo. Anangokweza wailesi. Akazi anzanga mukudziwa tanthauzo la funso limenelo. Ankandinena kuti ndinayenda njira, ndipo mwamuna amene ankadziwa choona anasankha kukhala chete. Mawuwo anayamba kubwerezedwa pamaliro, pazinkhoswe, paliponse pamene abale akumana.

Ndinapita naye Wongani kuchipatala. Anamuyeza n'kundiuza kuti ali bwinobwino, ana ena amachedwa kukula, ndidikire. Koma ine kudikira kunali kutandikwana.

Mayi wina wogulitsa kaunjika pafupi ndi benchi yanga ndiye anandiuza za bambo wina wongobwera kumene kuchokera ku Joni, amene anthu ankangomutchula kuti a Dokotala. Ndinakamupeza m'kachipinda kena kuseri kwa golosale, atavala tayi, pambali pake pali kabokosi ka ayezi kodzaza timabotolo. Anali munthu wodziwa kulankhula. Anati m'mutu mwa munthu muli kachiwalo kotulutsa homoni yokulitsa thupi, ndipo mwa ana ena kachiwaloko kamagona. Mankhwala akewo, opangidwa ndi asayansi kunja, ankati amakakadzutsa.

Musaganize kuti sindinafunse. Ndinafunsa ngati mankhwalawo anayesedwa. Iye anaseka n'kunena kuti, "Amayi, azungu anachita kale kafukufuku. Ana amakula ngati chimanga chothira feteleza." Anandionetsa magazini ya azibambo a minofu yotupa, n'kundichenjeza kuti ndisakauze a chipatala chifukwa amachita nsanje. Timabotoloto tinali tochotsa mapepala. Ndinaona ndi maso anga, koma mawu oti kafukufuku ananditseka pakamwa.

Ndinayamba kupita naye Wongani akaweruka kusukulu, amuna anga osadziwa. Poyamba mwana anayamba kudya ngati wakhala masiku osalawa kanthu. A Dokotala anati ndiye kuti mankhwala agwira. Kenako nkhope inayamba kufufuma, zala zikuchita dzanzi moti cholembera chinkamugwa m'kalasi. Anati kumeneko ndiko kukula. Msinkhu wake sunasinthe ngakhale pang'ono.

Tsiku lomaliza Wongani anakana kulowa. Anandigwira chitenje akulira kuti, "Amayi, ine basi, ndikhala wamfupi yemweyu." Ine ndinamukalipira, ndinamugoneka pabenchi n'kumupanikiza mapewa. Singano itangolowa m'thako, anakuwa kuti moto watsika mwendo wonse mpaka kuphazi. Bambo uja anangoti mwamuna salira.

Sabata isanathe thako linatupa, thupi linatentha, phazi lakumanja likungokwekwereka pansi. Apa sindikanabisanso. Amuna anga anamubereka kumsana mpaka pasiteji, ndipo ulendo wonse wa pa minibasi wopita kutauni sanandiyang'ane.

Kuchipatala anang'amba chotupacho n'kuchotsa mafinya ambiri. Dokotala wake anali mayi wofatsa, koma zimene anandiuza zinandilasa. Anati singano inalasa mtsempha waukulu woyendetsa mwendo, komanso inali yosaphikidwa. Za mankhwalawo anati n'zoona kuti kunja kuli asayansi amene akuyesa mankhwala odzutsa homoni yokulitsa, koma anali asanatsimikize ngati amathandizadi ana, ndiponso ngati savulaza pakapita zaka. Ngakhale oyesawo, anati, amayamba ayeza magazi ndi mafupa, n'kumamuyang'anira munthuyo mosamala. Ndipo panalibe amene akanadziwa ngati zimene zinali m'timabotolo tija zinali mankhwala amenewo kapena zina.

Ndiye kuti munthu uja anatenga chinthu chimene eni ake anali asanamalize kuchifufuza, kapena mwina madzi chabe osakaniza ndi zodziwa yekha, n'kumayesera pa ana athu a ku Nsungwi. Ndinatuluka m'chipatala, ndinakwera minibasi kukamufuna. Ndinapeza loko pachitseko. Mwini golosale anati anasamuka, ena akuti ali ku Mgona, ena akuti anabwerera ku Joni. Pakhomopo panali mayi winanso ndi mwana wake, atabwera kudzabayitsa. Ndinamuuza zonse mokuwa mpaka anthu anasonkhana. Sindikudziwa ngati anandimvera.

Alamu anga anabwera kudzazonda atanyamula nthochi. Atakhala pansi anati, "Koma mlamu, zinthu zochita mobisa n'zoipa." Inu owerenga, ulemu wonse umene ndinaphunzitsidwa kwathu unandithawa. Ndinawauza pamaso pa odwala onse kuti singano ija inayambira pakamwa pawo. Amuna anga anafuna kundiletsa, ndinawatembenukira iwonso n'kuwafunsa kumene pakamwa pawo panali nthawi yonse ija. Tsiku limenelo ndi pamene ananena koyamba pamaso pa mlongo wawo kuti Wongani ndi mwana wawo ndipo nkhaniyo ithe. Anachedwa nawo mawu amenewo. Akanawanena tsiku la wailesi lija, bwenzi mwana ali ndi miyendo yake yonse yabwinobwino.

Wongani anabwereza kalasi chifukwa chogona nthawi yaitali. Atafika Fomu 2 anayamba kutalika yekha, popanda mankhwala alionse, mpaka anawapitirira bambo ake. Koma phazi lija silinabwerere mwakale. Amatsimphina mpaka lero, ndipo mpira sanaumenyenso. Sanandinenepo mawu oipa. Tsiku lina ndinamupepesa, iye anangoti, "Ndinakuuzanitu, amayi."

Tsono ndikupemphani. Munthu akakuuzani kuti mankhwala ake anachitidwa kafukufuku, mufunseni kuti anachita ndani, pa anthu otani, ndipo anapeza zoopsa zanji. Akayamba kuseka kapena kukuletsani kufunsa kuchipatala, nyamulani mwana wanu muzipita. Mankhwala amene adakayesedwa si oti munthu azigulitsa kuseri kwa golosale. Ngati msinkhu wa mwana ukukudetsani nkhawa, bwererani kuchipatala kawiri, katatu, mpaka akufotokozereni zomveka.

Inu achibale okonda kuyeza ana a anzanu ndi maso, tsekani pakamwa. Inu abambo, mkazi wanu akamanyozedwa muli pomwepo, lankhulani nthawi yomweyo. Ndipo inu amayi anzanga, mwana akakugwirani chitenje n'kunena kuti basi, mumvereni. Wanga ananena, ine ndinamupanikiza pabenchi.