Nkhanu za a Graeme Zinalowa M'malo mwa Mankhwala Anga

Ndinakumana ndi Fergus pa siteji ya basi ku Burnie, tsiku la chimphepo. Ndinali nditavala magalasi anga otchinga mphepo, aja ooneka ngati osambirira.

"Achemwali, nyanja ili uko," anatero akuloza ndi mutu.

"Tsogolani mukamire, ndikupezani," ndinamuyankha.

Anaseka mpaka basi yake inamusiya. Anzanga, pakamwa pangapa pamathawitsa amuna, koma uyu panamuitana.

Pa date yachiwiri ndinamuuza zonse. Ndili ndi MS, matenda owononga mitsempha. Kukatentha miyendo imachita dzanzi, ndimayenda ngati ndalawa. Pamwamba pa izo, maso anga sapanga misozi, ndikaphethira zimakhala ngati muli mchenga. Mankhwala ogula anakanika, ndiye achipatala amanditenga magazi n'kundipangira madontho a m'maso, m'timachubu ting'onoting'ono tosunga mu freezer. Ndimatulutsa kamodzi patsiku. Tikasungunuka tonse ndiye kuti n'totaya, ndipo tina umatidikira milungu.

Ndinkayesa athawa. Sanathawe.

Dzanja langa likamanjenjemera ankandidonthezera yekha.

"Yang'ana kumwamba, bwana Bronte... Osaphethira! Ukuwononga magazi ako omwe."

Ndinamukonda mnyamata ameneyu, sindibisa.

Patatha miyezi isanu ndi itatu anandiitanira Khirisimasi ku kanyumba ka makolo ake ka kunyanja, kufupi ndi St Helens. Tinali oti tikakhala milungu itatu. Ndinatenga timachubu tonse tomwe tinatsala, poti tatsopano tinali toti tifika pakati pa January. Ndinatiika m'kontena ya ice cream, pa ayezi.

Tili m'njira anatsitsa wailesi.

"Bronte... kwathu sindinawauze."

"Sunawauze chiyani?"

"Za matendawa. Adadi ndi aja amati wodwala ndi waulesi. Undipatse masiku awiri, ndiwauza bwinobwino."

Titafika ndinatenga cholembera kuti ndilembe "mankhwala" pa kontena ija. Anandigwira dzanja.

"Usalembe, amami awerenga. Ndikhala ndikuyiyang'anira ine."

Ndinalola, tinaiika mu freezer ya m'shedi osalembapo kanthu. Apa ndiye ndinapusa, anzanga.

Tsiku lachitatu kunatentha koopsa. Ndikutsika pakhonde mwendo unakana, ndinagwera pa mpando. Bambo ake a Fergus, a Graeme, anawomba m'manja.

"Apongozi ayambapo kale kumwa? Ngakhale leveni sinakwane!"

Onse anaseka. Ndinamuyang'ana Fergus kuti mwina alankhula. Nayenso ankaseka.

Mawa lake iye ndi bambo ake anabwerako ku boti ndi nkhanu zikuluzikulu. Ine ndinagona masana onse, thupi litakana. Kutacha ndinapita ku shedi kukatenga kachubu ka tsikulo.

Nditatsegula freezer, munali nkhanu zokhazokha.

Kontena yanga ndinaipeza pathebulo la zida, pafupi ndi zenera. Timachubu tonse tinali titafunda.

Ndinatuluka nayo m'manja. Anthu anali pakhonde akumwa tiyi.

"Ndani watulutsa iyi?"

"Ndine, mwananga," anatero a Graeme. "Malo anachepa. Ndimayesa n'zokopera nsomba zakalekale. Ndinamufunsa Fergus, anati sakuzidziwa."

Ndinatembenukira kwa Fergus.

"Unalipo?"

"Ndimati akachoka ndiibwezeremo... Kenako tinayamba kumwa, ndinaiwala. Bebi, pepa."

"Auze. Auze pompano kuti muli chiyani umu."

Anawerama n'kuyang'ana kapu yake.

Ndinawauza ndekha. MS, maso, magazi, zonse. Mtima unkawawa, koma m'maso muli gwa. Ngakhale kulira thupi langali limandimana.

A Graeme anavula chipewa. Sanafunse zambiri.

"Tenga chikwama chako. Ndikuperekeza kuchipatala ku Launceston."

Fergus anadzuka kuti atsagane nafe.

"Iwe khala pansi," anatero bambo ake.

Tinanyamuka. Anatseka mphepo ya m'galimoto ndisanawapemphe. Ndiye ndinati ndiwapepese.

"Bambo, pepani pokubisirani. Fergus ankaopa kuti munena kuti ndi ulesi."

Anapondako buleki.

"Ulesi? Ine? Mlongo wanga Dianne ali ndi MS yomweyi. Zaka makumi awiri tsopano, womunyamula kumukweza m'galimoto ndine. Mnyamata uja wakula akukankha njinga ya olumala ya azakhali ake." Anapukuta kumaso ndi chikhatho. "Ndikanadziwa, nkhanu zonse zija ndikanazibwezera m'nyanja."

Anzanga, pamenepo m'pamene ndinazizidwa. Fergus sankaopa bambo ake ayi.

Ndinakhala masiku khumi ndi asanu ndi anayi opanda madontho anga. Achipatala anayesa zomwe akanatha, koma diso lakumanzere linachita chilonda. Chinapola, n'kusiya chipsera. Mpaka lero mbali imeneyo ndimaona ngati kuli chifunga, ndipo ndikulemba izi zilembo nditazikulitsa.

Fergus anaimba kangapo, osayankha ine. Kenako anatumiza uthenga.

"Nthawi zonse ndikakuona ukudzandira ndimaona azakhali. Ndinkaona ngati ndikapanda kunena kwathu, sizichitika."

Ndinamumvetsa, ndipo n'zimene zimandipweteka kwambiri. Sanali munthu woipa. Anali wamantha, koma mantha akewo anandidyera diso.

Ndinamuyankha kamodzi kokha.

"Bambo ako anakufunsa kuti ichi n'chiyani, iwe n'kunena kuti sukuchidziwa. Anali magazi anga, Fergus."

Anzanga, amene amakusamalani chitseko chili chotseka, dikirani mumuone pamaso pa abale ake musanamusungitse chimene simungachipezenso.