Mngelo wa ku Kenya Akanandiika Mzere Wolakwika

Ndikukumbukira mlatho wa ku Kangemi, uja wodutsa pamwamba pa msewu waukulu, mmene unkanunkhira chimanga chootcha ndi utsi wa matatu, maminibasi a ku Nairobi. Tinali pafupi kulowa chaka cha 2000, ine ndili kamtsikana ka ku pulayimale. Bambo ankaphunzira zaubusa pa koleji ina, pomwe amayi anali atapita ku Ntcheu kukadwazika agogo. Anachoka akunena kuti sakachedwa, koma miyezi inkangopita.

Pamlathopo pankaima mlaliki wa jekete lofiira, akukuwa m'Chiswahili mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera. Mnzanga Wanjiru ndiye ankandimasulira: chaka chikangotha lipenga lilira, dziko lithera pompo. Kunyumba nakonso kunalibe kopumira. Bambo ankalemba za mabuku akale a Ayuda onena za masiku otsiriza, ndipo ankakonda kuwerenga mokweza uku akuyendayenda, ndiwo zikupserera pa mbaula. Ndinkamva za zilombo za nyanga zambirimbiri zotuluka m'nyanja, za akufa akudzuka m'manda, za angelo osonkhanitsa mitundu ya anthu.

Zilombozo sizinkandiopsa kwenikweni. Chinkandidya mtima ndi angelowo. Ndinaganiza mwa nzeru zanga kuti dziko lililonse lili ndi mngelo wake. Wa ku Malawi adzatenga amayi, wa ku Kenya adzandipeza nditavala yunifolomu ya sukulu ya ku Kenya n'kundiponya pa mzere wa Akenya. Basi mpaka muyaya wopanda amayi, Chiswahili chomwe ndikudziwa chili chogulira mandasi chokha.

Ndiye ndinatenga chitenje cha amayi cholembedwa dzina la dziko lathu, n'kumachikulunga m'chiuno mkati mwa yunifolomu, kuti mngelo akabwera ndimuonetse. Ndinkayenda chotukumuka ngati nkhuku yofungatira, thukuta kamukamu. Vuto linali loti matatu a ku Nairobi ali ndi mahutala olira ndendende ngati malipenga, moti hutala akangolira mtima unkangoti phwii.

Tsiku lina masana, tili m'kalasi, kunja kunada ndi mitambo, kenako hutala wina analira motalika kuposa onse. Sindinadikire. Ndinadumpha desiki, ndinasolola chitenje chija n'kukaima pakati pa bwalo nditachitambasula m'mwamba, ndikukuwa kuti, "Ndine wa ku Malawi! Amayi ali ku Ntcheu!" Anzanga anaseka mpaka kugubuduka, aphunzitsi anatumiza uthenga kwa bambo.

Ndinkayembekezera mkwapulo. Koma pobwerera bambo anandigulira chimanga pamlatho paja, tinakhala pa mwala, ndipo ndinawauza zonse ndikusisima. Sanaseke.

"Tamanda mwanangu," anatero, "mabuku aja analemba ndi anthu amene mzinda wawo unawotchedwa, abale awo atabalalikira m'mayiko a eni. Zilombo zija ndi mafumu ankhanza omwe ankawapondereza. Ankadikira Mesiya woti adzathetse nkhanzazo, adzutse akufa awo, asonkhanitse obalalika pamodzi. Akhristu oyamba analinso Ayuda, ndiye pofotokoza za Yesu anatenga mawu omwewo, poti ndi omwe anakula nawo."

"Ndiye amayi tidzakhala nawo mzere umodzi?" ndinafunsa.

Bambo, munthu woti funso limodzi ankaliyankha mpaka tiyi kuzizira, anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi shati. "Olemba aja ankafunsanso zomwezo," anatero. "Inenso ndawasowa amako."

Mantha sanathe tsiku lomwelo. Ndinapitiriza kudzidzimuka ndi mahutala mpaka chaka chinatha, ndipo mlaliki uja anangosintha jekete n'kupitiriza ntchito. Amayi anafika dzuwa la Januwale likuswa mtengo. Anatsika basi atawonda, duku lili kumutu, ndipo nditawakumbatira duku lija linasuntha, ndinaona kuti ameta. Apo m'pamene ndinadziwira kuti agogo anatisiya. Akuluakulu anali atandibisira, poti maliro sankauza ana. Ine ndinkaseka ndi chimwemwe, amayi akulira paphewa panga.

Masiku ano ana anga akafuna munthu wa kutali amangomuimbira n'kumuona nkhope pa foni, moti ndikawasimbira nkhaniyi amandiyang'ana ngati ndine wozerezeka. Sadziwa zodikira munthu miyezi osamva ngakhale mawu ake. Koma kulipo komwe foni siifika. Amayi tinawaika ku Ntcheu pafupi ndi agogo, bambo nawonso anatsatira, mabuku awo aja anasiyira ine. Ndimawawerenga pang'onopang'ono, ndipo lipenga lomwe ndinkaliopa ndili mwana, pano ndimalidikira.