Ndiwo za Amai ku Kabwata

Adona amene ndinkawagwirira ntchito ku Woodlands atandiuza kuti amuna awo awasamutsira ku Kitwe, ndinavomera kupita nawo tsiku lomwelo. Bambo wa mwana wanga anali atandithawa, ndipo ntchito ina m'Lusaka sinkaoneka. Mwanayo, Tisa, ndinamusiya kwa amai ku Kabwata.

Nyumba yathu inali ya zipinda ziwiri, koma kuseri kwake amai anadzazako zonse zimene anachoka nazo ku Katete: bonongwe, luni, chisoso, therere, lumanda, ndi mtengo wa mpoza pakona. Palibe ankathirira. Mvula ikagwa zinkamera zokha, zotsala amai ankafutsa n'kusunga za m'chilimwe. Pondiperekeza ku basi anati, "Pita, mwanawe. Pano ndiwo sitigula."

Ku Kitwe ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa galaja. Chibemba chinkandipita pamutu, moti Lamlungu ndinkangokhala pakhomo kuyang'ana paipi ikuthirira kapinga amene palibe amadya. Zinali zaka zija zoima pamzere, za ufa, za sopo, za saladi, mafuta ophikira aja. Ndinkadzimana nsapato kuti mwezi ukatha ndipatsire ndalama dalaivala wina wa kwathu. Iye pobwera ankangoti, "Onse ali bwino." Ndinkakhulupirira, chifukwa ndikatseka maso ndinkaona Tisa akuthyola bonongwe ndi agogo ake.

Adona atasamukira kunja kwa dziko, ndinabwerera. Pakhomo pathu ndinapapitirira, osapazindikira. Mlongo wanga Lazalo, amene anali atapeza ukalaliki m'tauni n'kukwatira, anali atadula mpoza, wazula zonse, wathira simenti pabwalo. M'mbali anabzalamo maluwa a rozi ngati a anthu olemera aku Kabulonga. Mipope inali itauma kwa milungu, ndipo marozi aja anali tinkhuni ta minga basi.

Tisa anatuluka ataonda, milomo ili ndi zilonda m'makona. Sanandithamangire.

"Lazalo, ndiwo za amai zili kuti?"

"Ba sisi, ino ni tauni," anatero akupukuta nsapato. "Anzanga a ku ofesi akabwela aziona thengo?"

"Nanga simenti munagula ndi chani?"

Anapitiriza kupukuta nsapato zake. Mlamu wanga anayang'ana pansi, ndipo ndinadziwa kumene nsapato zanga zinapita.

Masana amai anandikoka nsalu. Maso awo anali atayamba kuchita khungu. "Esnati, tenga mbale, upite kwa amake Mwila. Ukanene kuti ndine ndakutuma."

Amake Mwila, Mbemba wa nyumba yoyandikana nafe, anali atatola zimene Lazalo anataya kudzala n'kukazikwirira kwawo. Tsopano kuseri kwawo kunali biriwiri, luni mpaka m'mawondo, ana awo onenepa akuthamangitsana m'mizere. Anandithyolera mbale yodzaza, mokoma mtima ndithu. "Mwabwela, mayo? Ba mbuya amabwela okha masiku onse, nimawagwila dzanja pa mpanda."

Masiku onse. Amai anga, amene ankagawira msewu wonse, kupempha ndiwo zawo zomwe pa mpanda wa eni. Ndinaphika luni lija ndi nsinjiro. Lazalo anadya, anapempha lina, osafunsa kumene lachokera.

M'mawa mwake ndinabwereka khasu kuti ndizule marozi. Ndisanagwetse ngakhale limodzi, Lazalo anaima pakhomo atavala tayi.

"Musakhudze. Nyumba iyi manje ili m'dzina langa. Amai anavomela."

Ndinayang'ana amai. Anali atakhala pa simenti, manja pamiyendo.

Ndinabweza khasu. Ndinapita ku msika wa Kabwata kukatola zitini zakale za saladi, ndinaboola pansi, ndinadzazamo dothi. Amake Mwila anandipatsa njere. Tisa anandithandiza kuzindandalika pansi pa windo la amai, kenaka anafunsa chifukwa chake sitikubzala pansi ngati anthu ena.

"Kuti tsiku lotithamangitsa tidzanyamule," ndinamuyankha.