Chipande cha Kachasu ku Nkope

Mpaka lero alamu anga, mng'ono wa amuna anga, sakudziwa kuti amene anaimbira foni akuluakulu a koleji ndine. Amadya kwathu, amaseweretsa mwana wanga, ine n'kumangoyang'ana pansi.

Pa koleji imene ndinatengako satifiketi yanga panali mwambo wolandirira anyamata atsopano. Ankapita nawo kugombe la ku Nkope n'kuwamwetsa kachasu ndi chipande chokapira madzi m'bwato. Ukagugudiza, usambire mpaka pa boti loimikidwa pozama, uligwire, ubwerere.

Chaka chimene mlongo wanga wamng'ono analowa kolejiyo, wotsogolera mwambowo anali alamu angawo. Mlongo wangayo ali ndi mphumu.

"Alamu, ameneyu mumusiye," ndinawapempha. "Chifuwa chake mukuchidziwa."

Anaseka. "Aa, alamu, mwana wa kunyanja n'kuopa madzi? Mukufuna anzake azimutcha mlendo wa ku Dedza mpaka amalize?"

Mlongo wangayo anangoti, "Achemwali, musandichititse manyazi."

Tsikulo mwera unayamba m'mamawa. Ndinabereka mwana n'kukwera minibasi. Kugombeko ndinapeza asodzi ali pamchenga, akusoka maukonde. Bambo wina wachikulire atandiona ndikuyang'ana mafunde anati, "Mayi, lero ngakhale ifeyo sitinalowemo."

Anyamata anali atafola kale, malaya atavula. Mlongo wanga anali chakumapeto, akuseka mokakamiza. Woyamba anatuluka m'madzimo akukwawa, akusanza, anzake akuimba m'manja.

Ndinabisala kuseri kwa thandala la usipa n'kuimba foni. Dzina sindinatchule. Mwana anayamba kulira kumbuyoku, ine n'kumamugwedeza mwamphamvu kuti angandiulule. Mzere ukufupika, msewu uli zii. Chipande chinafika kwa mlongo wanga, anamwa, anatsokomola nthawi yaitali atagwira maondo. Galimoto ya koleji inatulukira madzi atamufika m'chiuno.

Mwambowo anauletsa. Alamu anga anawachotsa sukulu atatsala pang'ono kulemba mayeso omaliza, ndipo pano amapalasa kabaza pa boma. Apongozi anga amatembererabe "munthu wankhanza uja" amene anaimba foni, nthawi zina ine ndili pomwepo ndikuwathirira tiyi.

Mlongo wanga ali moyo. Mwina akanasambira n'kubwerera bwinobwino ngati enawo, sindidziwa. Ndikamaona alamu akukwera mlatho wa Shire thukuta lili kamukamu, mtima umandiluma. Inu mukanakhala kuseri kwa thandala lija, foni ili m'manja, mukanaibweza m'chikwama?